Ucar, Katswili wa Zigoli

A Godfrey Chitalu anabadwila ku Luanshya mu 1947. Anayamba kumenya bola akali mwana. Atakula anasewela mu timu ya Kitwe United, kenaka Kabwe Warriors. Nchito yao inali kugoletsa. Mu 1972 anagoletsa zigoli zoposa 100 m'caka cimodzi cabe! Anthu anali kuwaitana kuti Ucar, dzina la mabatili, cifukwa sanali kulema msanga.

Ataleka kusewela, anakhala mphunzitsi wa timu ya Zambia. Mu Epulo 1993, ndeke imene anakwela pamodzi ndi osewela ao inagwela m'nyanja ku Gabon. Onse anamwalila. Manda ao ali ku Heroes' Acre, pafupi ndi Independence Stadium, muno mu Lusaka.