Frank McEwen, Mlendo Amene Analowetsa Ng'oma m'Nyumba ya Zaluso

M'midzi yambiri ya ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma muli mabanja amene agogo awo anapita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Ena anabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena anatchona ndipo manda awo ali komweko. Chimene ambiri a ife sitidziwa nchakuti pakati pa Achewa ndi Ayao amene anapita kumeneko, ena anasanduka amisiri osema miyala, ndipo ntchito za manja awo zinawoloka nyanja nkukaonetsedwa ku Ulaya ndi ku America. Nkhani ya anthu amenewa siingalongosoleke popanda kutchula Mngelezi wina dzina lake Frank McEwen, amene anali mkulu woyamba wa nyumba yoonetseramo zithunzi ndi zosemasema mumzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare.

A McEwen anabadwira ku Mexico m'chaka cha 1907 koma anakulira m'chigawo cha Devon ku Mangalande. Bambo awo anali munthu woyendayenda pa malonda, ndipo m'nyumba mwawo munali zosema zochokera kuzambwe kwa Africa, kotero kuti mnyamatayo anazolowera kuona luso la anthu akuda asanaponde nkomwe dothi lawo. M'chaka cha 1926 anapita ku Paris kukaphunzira mbiri ya zaluso pa sukulu ya ukachenjede ya Sorbonne, kumene mphunzitsi wawo anali Henri Focillon. Mumzinda umenewo anadziwana ndi akatswiri ojambula ndi osema monga Picasso, Matisse, Braque ndi Brancusi, anthu amene ambiri a iwo anali atatapako nzeru pa zigoba ndi ziboliboli za ku Africa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, a McEwen anagwira ntchito ku bungwe la British Council, ndipo ntchito yawo inali yokonza zionetsero. M'chaka cha 1945 anathandiza kukonza chionetsero cha zithunzi za Picasso ndi Matisse ku London, chimene chinautsa mkangano waukulu chifukwa anthu ambiri anali asanazolowere kajambulidwe kotero. Apa mpamene anaphunzira kuti diso la munthu limayamba lakana chinthu chachilendo, koma likachionaona limafika pochikonda.

Pa nthawi imeneyo dziko lathu linali litalowetsedwa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 nkutha mu 1963, ndipo likulu lake linali Salisbury. Azungu a mumzindawo anamanga nyumba yaikulu ya zaluso, naitcha Rhodes National Gallery, ndipo a McEwen ndiwo anasankhidwa kuiyendetsa. Nyumbayo inatsekulidwa m'chaka cha 1957 ndi mayi ake a Mfumukazi Elizabeth, ndipo chionetsero choyamba chinali cha zithunzi zobwereka ku Ulaya, kuyambira za Rembrandt kufikira za Picasso. Ambiri mwa eni nyumbayo ankafuna kuti zipitirire motero: malo a zii, a anthu ovala bwino, oonetsa nzeru za ku Ulaya kwa ana a ku Ulaya.

Koma akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. A McEwen anayang'ana anthu akuda amene ankasesa ndi kulonda nyumbayo, ndipo anawapatsa utoto, maburashi ndi nsalu zojambulapo. Woyamba kutchuka mwa iwo anali Thomas Mukarobgwa, amene anagwira ntchito m'nyumbamo zaka zambiri uku akujambula mapiri ndi nthano za kwawo. Kagulu kameneka kankakumana m'zipinda za nyumba yomweyo, ndipo kanadzatchedwa Workshop School. Kenaka kunabwera Joram Mariga, mlangizi wa zaulimi wa ku Nyanga, atanyamula zinthu zimene anasema pa mwala wofewa. Kuyambira pamenepo maso a a McEwen anatembenukira ku miyala, ndipo anthu monga Nicholas Mukomberanwa, Joseph Ndandarika ndi John Takawira anayamba kudziwika.

Chinthu chachikulu koposa chimene a McEwen anachita chinali msonkhano wa mu August 1962, wotchedwa International Congress of African Culture. Anasonkhanitsa zosema zakale ndi zatsopano zochokera m'mayiko ambiri a mu Africa, naziika pamodzi ndi ntchito za akatswiri a ku Ulaya kuti woona aliyense adzionere yekha amene anaphunzira kwa mnzake. Kunabwera Alfred Barr wa ku Museum of Modern Art ya ku New York, William Fagg wa ku British Museum, mlakatuli Tristan Tzara, ndi katswiri wa mbiri yakale wa ku Nigeria, Saburi Biobaku. Koma msonkhanowo sunali wa zokamba zokha ayi. Kunalinso nyimbo ndi magule. Achopi a ku Mozambique anabwera ndi timbila zawo, zimene zimafanana ndi valimba ya abale athu a ku Chigwa cha Shire, ndipo kuchokera ku Trinidad kunabwera anyamata oimba ng'oma zosula ku migolo yachitsulo. Mumzinda umene munthu wakuda sankaloledwa kudya m'mahotela ambiri, nyimbo za anthu akuda zinamveka pa nyumba yotchedwa dzina la Rhodes.

Kuti timvetse kukula kwa chinthu chimenechi, tiyeni tikumbukire m'mene luso limakhalira kwathu kuno. Mchewa sasema chigoba kuti achipachike pakhoma anthu azichiyang'ana ali chete. Luso lathu limayenda ndi ng'oma, ndi nyimbo za amayi, ndi fumbi la pabwalo. Nthano zimakambidwa madzulo ntchito zitatha, agogo ali pakati, ana atawazungulira. Chimtali, mganda ndi gule wamkulu zimasonkhanitsa mudzi wonse, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Chosema chikachotsedwa pabwalo nkuikidwa m'bokosi lagalasi chimakhala ngati ng'oma yopanda woimba. A McEwen anazindikira zimenezi, ndipo anayesa kuti nyumba yawo ikhaleko ngati bwalo. Masiku ano nyumba zambiri za zaluso m'mayiko osiyanasiyana zimatsekula zitseko madzulo, kuitana oimba, ndi kukonzera ana malo ojambulirapo pamodzi ndi makolo awo. Chimene iwo akuchiyesa chatsopano, midzi yathu inachidziwa kalekale.

Tsono anthu athu analowa bwanji m'nkhaniyi? Mu November 1965 boma la Ian Smith linadzilamulira lokha mosavomerezeka, ndipo mayiko ambiri anakana kuchita nalo malonda. Fodya anasowa msika. Mlimi wina wa fodya, Tom Blomefield, amene munda wake wa Tengenenge unali pafupi ndi Guruve kumpoto kwa dzikolo, anaona kuti antchito ake atsala pang'ono kusowa chochita. Pamundapo panali phiri la mwala wotchedwa serpentine, ndipo mu 1966, mothandizidwa ndi mmisiri Crispen Chakanyuka, iye ndi antchito ake anayamba kusema. Ambiri mwa antchitowo anali obwera kuchokera ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Angola. Panali Leman Moses ndi Amali Malola ochokera ku Malawi, Josia Manzi amene makolo ake anali Ayao a ku Malawi, ndi Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene anayamba ndi ntchito yokumba miyala nadzatchuka ndi zosema za anthu omwetulira, oimba mluzu, ndi za mabanja ofungatirana. Achewa a pamundapo sanasiye gule wawo, ndipo maonekedwe a zilombo ndi zigoba ankatulukira m'miyala imene ena a iwo ankasema.

Poyamba a McEwen analandira zosema za ku Tengenenge ndi manja awiri, naziika m'zionetsero ndi kuzipezera ogula. Koma ubale wawo ndi a Blomefield sunakhalitse. A Blomefield ankalola aliyense wofuna kusema kuti aseme, pamene a McEwen ankafuna kusankha zochepa zokhazo zimene iwo anaziyesa zabwino, poopa kuti ntchitoyo ingasanduke malonda a ziboliboli zogulitsa kwa alendo odutsa. Mu 1969 anapatukana, ndipo a McEwen anatsekula malo ena osemerapo otchedwa Vukutu cha kuvuma kwa dzikolo, otsogozedwa ndi Sylvester Mubayi.

Apa mpamene pali mbali ya moyo wawo imene ife sitiyenera kuilumpha. Pofuna kuti dziko lapansi lilemekeze ntchitoyi, a McEwen anaipatsa dzina la mtundu umodzi, naifalitsa monga zosema za Ashona zotuluka m'mizimu ndi m'nthano za Ashona. Chionetsero cha ku Musée Rodin ku Paris mu 1971 ndi cha ku London mu 1972 zinali ndi dzina limenelo pamutu pake. Dzinalo linagwira, ndipo mpaka lero ogula ambiri amalitchula ngakhale pamene wosemayo ali Mchewa kapena Myao. Ndiponso a McEwen ankakonda kufotokoza amisiri awo ngati anthu osaphunzitsidwa ndi wina aliyense, chonsecho ena, monga Mukomberanwa, anali ataphunzira kusema pa mishoni ya Serima. Iwo eni ake, ngakhale ankati sakuphunzitsa, ndiwo ankanena chosema choyenera kuonetsedwa ndi chosayenera. Munthu yemweyo amene anatsekula chitseko ndiye anaimanso pakhomo nkumasankha olowa ndi dzina loti alowe nalo.

Zaka zawo zomaliza ku Salisbury zinali zowawa. Azungu ambiri sanakondwe ndi kuyanjana kwawo ndi anthu akuda, ndipo boma la Smith silinawaone bwino. M'chaka cha 1973 anatula pansi udindo nachoka m'dzikomo. Popeza anali munthu wokonda nyanja, anakhala zaka zingapo m'ngalawa yawo cha ku zilumba za Bahamas, kenaka anabwerera ku Devon kumene anamwalira mu January 1994 ali ndi zaka 86. Zosema zimene anasunga anazisiyira British Museum. Nyumba imene anaiyendetsa inasintha dzina dzikolo litalandira ufulu mu 1980, ndipo tsopano imatchedwa National Gallery of Zimbabwe. Patapita zaka 11 chimwalirireni iwo, mu 2005, bungwe la UNESCO linaika timbila za Achopi ndi gule wamkulu wa Achewa pamndandanda wa chuma cha miyambo ya anthu onse a pa dziko lapansi.

Kodi mphunzitsi wa ku Mpingu kapena mnyamata amene wangomaliza sukulu ku Namitete angatolepo chiyani pa mbiri imeneyi? Choyamba nchakuti luso silidikira nyumba yosanja. Anthu a ku Tengenenge anayamba ndi phiri, nyundo ndi tchizulo. Kwathu kuno malo a Kungoni ku Mua, amene anayamba mu 1976, aonetsa kuti zosema, zithunzi ndi magule zingakhale pamalo amodzi, ndipo ku Namitete komweko kuli sukulu ya ntchito zamanja yophunzitsa achinyamata kugwira mtengo. Palibe choletsa sukulu iliyonse kusankha tsiku limodzi pa teremu, kuyala m'kalasi mbiya, mphasa, mipando, zidole zadothi ndi zithunzi za ana, kuitana makolo madzulo atachoka kumunda, ndi kulola kwaya ndi ng'oma zimveke.

Chachiwiri nchakuti pa chinthu chilichonse choonetsedwa palembedwe dzina la amene anachipanga, mudzi wake ndi chaka. Achewa ndi Ayao amene anasema miyala ku Tengenenge anaphimbika ndi dzina la eni ake chifukwa wolemba mbiri yawo anali wina. Ngati m'mudzi mwanu muli agogo amene anagwirako ntchito ku Halale, kapena amene amaumba, kuluka ndi kusema, tengani kope ndi pensulo mukakhale nawo pansi akadali moyo.