Hermann von Helmholtz ndi Kachipangizo Kosuzumira M'diso

Hermann von Helmholtz anabadwira mumzinda wa Potsdam, m'dziko lomwe lero ndi Germany, pa 31 Ogasiti 1821. Bambo ake anali mphunzitsi ndipo ndalama zinali zosowa pakhomopo. Mtima wa mnyamatayu unali pa physics, koma anakaphunzira udokotala ku Berlin chifukwa boma linkalipirira maphunziro ophunzira amene alonjeza kudzathandiza asilikali akamaliza. Ntchito ya kwa asilikaliyo anaigwiradi mpaka 1848, ndipo chaka chotsatira anayamba kuphunzitsa payunivesite ya Königsberg.

Chakumapeto kwa 1850, akukonzekera phunziro la ophunzira ake, analingalira funso looneka ngati lachibwana: n'chifukwa chiyani mwanadiso amaoneka wakuda bii? Yankho lake n'lakuti kuwala kolowa m'diso kumatuluka potsata njira yomwe kunadzera, kubwerera kunyali. Wofuna kuona m'kati ayenera kuika diso lake pamzere womwewo, koma akatero mutu wake umatchinga nyaliyo. Helmholtz anasanjikiza timagalasi topyapyala n'kutipendeketsa kuti tizikankhira kuwala m'diso la wodwala, kwinaku iye akuyang'ana kupyola timagalasi tomweto. Kachipangizo koyambako anakalumikiza ndi katoni chabe. Atasuzumira anaona retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso komwe kamalandira kuwala, ndi mitsempha yake ya magazi itayala ngati mizu ya mtengo. Anasindikiza kabuku kofotokoza chipangizochi, ophthalmoscope, mu 1851, ndipo dokotala wa maso Albrecht von Graefe anali m'gulu la oyamba kuchigwiritsa ntchito kwambiri.

Kufunika kwake n'kwakuti m'diso dokotala amatha kuona timitsempha ta magazi ta munthu wamoyo osang'amba khungu. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amawononga timitsemphati mwakachetechete, munthu akuonabe bwinobwino, ndipo akachedwa kuyezetsa khungu limamupeza. Masiku ano kamera ndiyo imajambula retina, ndipo akatswiri aphunzitsa makompyuta kulondola mitsemphayo pachithunzi, kuyeza kukula ndi kupindika kwake. Mu 2004 ofufuza a ku Netherlands anatulutsa zithunzi 40 zotchedwa DRIVE, zomwe anthu anazilembamo mitsempha pamanja, kuti zikhale muyeso wa mapulogalamu oterewa. Komabe kamera iliyonse yotere iyenera kuthana ndi vuto lomwe lija la nyali ndi mutu.

Ife a maphunziro a zilankhulo timamudziwanso munthuyu, ngakhale sitimutchula mokwanira. M'buku lake la 1863 lonena za kamvedwe ka mawu anaonetsa kuti mavawelo amasiyana malinga ndi momwe mphako ya m'kamwa imakuzira mbali zina za liwu.

Anaphunzitsanso ku Bonn ndi ku Heidelberg, ndipo mu 1871 anabwerera ku Berlin ngati pulofesa wa physics, phunziro lomwe umphawi unam'mana ali mnyamata. Anamwalira pa 8 Seputembala 1894 atadwala sitiroko.