William Manning, msilikali amene anakhala bwanamkubwa ku Zomba

Amene munapitako ku Mchinji mwina munamva achikulire akutchula bomalo kuti Fort Manning. Dzinalo linachotsedwa titalandira ufulu, ndipo mwini wake anaiwalika. Ine ndinakumana nalo m'mabuku a mbiri ndili ku yunivesite, ndipo ndinadabwa kuona kuti nkhani ya munthuyu ikufika mpaka kwathu ku Goliati.

William Henry Manning anabadwa m'chaka cha 1863, ndipo analowa usilikali wa Britain mu 1886. Atamenya nkhondo ku India ndi ku Burma, anafika kuno mu 1893, dziko lino likutchedwa British Central Africa. Ntchito yake inali yophunzitsa anthu akuda usilikali mothandizana ndi asilikali achimwenye a mtundu wa Sikh.

Kumayambiriro kwa 1898 iye anali mmodzi mwa akuluakulu amene anatsogolera nkhondo yothira Angoni a Mpezeni, kudera la Chipata. Mikondo sinathe kulimbana ndi mfuti. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Linga limene atsamunda anamanga kumalireko ndilo linatenga dzina la Manning. Patapita zaka zisanu, mu 1903, ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere m'dera lomwelo, pakati pa anthu amene mabala a nkhondoyo anali asanapole.

Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankangoti Keyala, litakhazikitsidwa mu 1902, Manning ndiye anali woyamba kuliyang'anira lonse. Anatsogoleranso nkhondo ya ku Somaliland yolimbana ndi Mohammed Abdullah Hassan. Mu Epulo 1903, pamalo otchedwa Gumburu, kagulu ka asilikali ake kanazingidwa n'kuphedwa pafupifupi konse, ndipo ambiri mwa iwo anali anyamata ochokera kuno. Mabuku a Azungu amalemba mayina a maofesala oyera amene anafera pomwepo. Ana a kwathu amangowerengedwa ngati chiwerengero. Zotere ndi zimene John Chilembwe anadzadandaula nazo m'kalata yake ya mu 1914, yotsutsa kutumiza anthu akuda ku nkhondo zosawakhudza.

Mu 1911 Manning anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Sanakhalitse, koma m'nthawi yake, mu 1912, munakhazikitsidwa lamulo loika mafumu akuluakulu pansi pa bwana DC kuti azithandiza kusungitsa bata ndi kutolera msonkho. Ufumu unayamba kudalira kalata ya boma kuposa mawu a mbumba, ndipo mikangano ina ya ufumu imene timamva masiku ano mizu yake ili pamenepo.

Zaka zomwezo tiyi anali atangoyamba kudzalidwa ku Thyolo, ndipo Alhomwe ambiri, agogo athu, ankawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Pofika kuno anapeza malo ali m'manja mwa eni maesiteti. Kuti munthu amange nyumba ndi kulima kadimba, ankayenera kugwira thangata. Msonkho wa nyumba nawo unkatsika ndi theka kwa amene wagwirira Mzungu ntchito mwezi wathunthu, choncho wosafuna kukalima kwa bwana ankalipira kawiri. Manning sanayambitse thangata, tisamunamizire. Koma analipeza, anali ndi mphamvu zolichepetsa, ndipo analisiya lili chilili.

Mu 1913 anasamutsidwira ku Jamaica, ndipo mu 1918 anapita ku Ceylon, dziko lina la tiyi limene lero ndi Sri Lanka, komwe analamulira mpaka 1925. Pamene anthu a Chilembwe ankaukira atsamunda mu Januwale 1915, ndipo mishoni yathu ya Nguludi inkatenthedwa, iye anali kale kutsidya kwa nyanja. Anamwalira ku England pa 1 Januwale 1932, ali ndi zaka 68.