Ernest Flagg, mmisiri wa tinyumba tamiyala

Aliyense amene anasoketsapo malaya kwa telala wapakhonde akulidziwa dzina la Singer. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti m'chaka cha 1908 kampani yopanga makina osokerayi inamanga nyumba yomwe inaposa nyumba zonse padziko lapansi msinkhu wake. Nyumbayo inali mumzinda wa New York m'dziko la America, yotalika mamita 187, ndipo anajambula pulani yake ndi Ernest Flagg.

Mkuluyu anabadwira ku Brooklyn pa 6 February 1857. Sukulu anaisiya ali ndi zaka 15 n'kuyamba ntchito yaumesenjala m'maofesi a ku Wall Street. Mwayi unadzamugwera atakula kale, pomwe mbale wake wina wachuma, Cornelius Vanderbilt II, anamulipirira sukulu ya École des Beaux-Arts mumzinda wa Paris. Atabwerera kwawo ntchito zikuluzikulu sizinamusowe. Nyumba za sukulu ya asilikali apamadzi ku Annapolis komanso ya Corcoran Gallery ku Washington ndi luso lake.

Koma mtima wa bamboyu unali pa munthu wamalipiro ochepa. Kodi munthu wotere n'kukhala ndi nyumba yamiyala, pomwe mmisiri wodziwa kusema ndi kuyala miyala amadula chonchi?

Yankho analifunafuna pamalo ake ku Todt Hill, pachilumba cha Staten Island, komwe anamanga tinyumba toyesera monga Bowcot ndi Wallcot. Njira yake inali yotere: omanga amaimika matabwa mbali ziwiri, n'kusiya mpata wa khoma pakati. Akatero amatola miyala wamba, yosasema, n'kumaiika mbali yake yosalala itatsamira thabwa lakunja, kenaka n'kuthira konkire kumbuyo kwake. Konkire ikagwira, matabwa aja amawakweza kuti khoma lipitirire. Pomaliza amangomata mipata yapakati pa miyala. Apa woongola khoma ndi thabwa, osati diso la mmisiri, choncho ntchitoyo angaigwire ngakhale munthu amene sanaphunzire zomangamanga.

Kupulumutsa ndalama sikunathere pakhoma pokha. Flagg anachotsa chipinda chapansi pa nthaka chomwe nyumba zambiri za kumeneko zimakhala nacho. Makoma anawafupikitsa, denga n'kulipanga lotsetsereka kwambiri kuti zipinda zogona zilowe m'dengamo. Pamsonga pa denga anaikapo timazenera tolowetsa kuwala ndi kutulutsa mpweya wotentha. Miyeso yonse ya nyumba imatsata muyeso umodzi woposa pang'ono mita imodzi, kuti zipangizo zisamaonongeke podula. N'chifukwa chake tinyumbati timaoneka ngati tamera m'nthaka, tachikale ngati takumidzi ya ku Ulaya, chonsecho m'kati mwa khoma muli konkire.

Zonsezi anazilemba m'buku lotchedwa Small Houses lomwe linatuluka m'chaka cha 1922. Kunena zoona, maloto ake oti mabanja miyandamiyanda akhale m'nyumba zotere sanapherezeke, pakuti nyumba zamatabwa ndizo zinapitiriza kudzaza madera ozungulira mizinda ya ku America. Komabe ena anamumvera. Kontilakitala wina, Arnold F. Meyer, anamanga nyumba zoposa 20 m'madera ozungulira mzinda wa Milwaukee cha m'ma 1925, ndipo Helen ndi Scott Nearing anatengera njira yomweyi pomanga nyumba zawo ndi manja awo ku Vermont m'zaka za m'ma 1930.

Flagg anamwalira pa 10 April 1947 ali ndi zaka 90. Patatha zaka 20, m'chaka cha 1967, nyumba ya Singer ija anayamba kuigwetsa kuti pamalopo pamangidwe ina ya maofesi ambiri. Bowcot ndi Wallcot tidakalipo ku Todt Hill, ndipo malamulo a mzinda wa New York amatiteteza ngati nyumba zambiri yakale.