Rosalind Franklin: Mayi amene anaunika DNA

Mukakhala kuchipatala kulandira mankhwala a khansa kudzera m'diripi, mwina mumadzifunsa kuti mankhwalawo amakagwira pati m'thupi. Yankho lake likukhudza ntchito ya mayi wina amene naye anadwala khansa.

Rosalind Franklin anabadwira ku London pa 25 Julaye 1920. Anaphunzira sayansi ku yunivesite ya Cambridge, ndipo poyamba ankafufuza za malasha. Ali ku Paris anaphunzira kuunika tinthu tosaoneka ndi maso pogwiritsa ntchito X-ray. Mu 1951 anayamba ntchito ku King's College ku London, kumene ankaunika DNA. DNA ndi kaulusi kamene kali m'maselo a thupi lanu, ndipo kamasunga malangizo a mmene selo limakulira ndi kugawikana.

Mu Meyi 1952, iye ndi wophunzira wake Raymond Gosling anajambula chithunzi chooneka bwino cha DNA. Chithunzicho chinaonetsedwa kwa James Watson mwiniwake asakudziwa. Mu 1953, Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa ndi miyezo ya Franklin, anafotokoza kuti DNA ili ngati makwerero opotoka.

Mu 1956 anapezeka ndi khansa ya m'thumba la mazira. Anapitirizabe kufufuza za mavairasi mpaka anamwalira pa 16 Epulo 1958, ali ndi zaka 37. Mphoto ya Nobel ya ntchito ya DNA inaperekedwa mu 1962 kwa Watson, Crick ndi Maurice Wilkins.

Kudziwa maonekedwe a makwererowa kunathandiza akatswiri kumvetsa mmene mankhwala ena amagwirira ntchito. Cisplatin, amene amaperekedwanso pa khansa ya khomo la chiberekero, amamatirira pa DNA n'kuipinda. Doxorubicin amalowerera pakati pa masitepe a makwererowo. Zikatere, selo la khansa limalephera kukopera malangizo ake, ndipo limafa. Maselo abwino amene amagawikana msanga, monga a tsitsi, a m'kamwa ndi opanga magazi, amakhudzidwanso. N'chifukwa chake tsitsi limatha kuthothoka, ndipo madokotala amakuyezani magazi musanalandire mankhwala ulendo wotsatira.

Cisplatin anavomerezedwa ku America mu 1978, patatha zaka 20 Franklin atamwalira, ndipo amathandiza pa khansa yomwe inamupha. Mankhwala amene iye sanawapeze alipo lero. Musadumphe tsiku limene anakuuzani kuti mubwerenso, ndipo mukamva kutentha thupi pamene mukulandira mankhwalawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.