Moyo wa Amayi Alice Lenshina: Chitsitsimutso Chimene Chinadzimangira Mpanda



Lero tikambe za mayi amene akuluakulu ambiri amatchula dzina lawo motsitsa mawu, Amayi Alice Lenshina Mulenga. Anamwalirira muno mu Lusaka, ku Chilenje, pa 7 Disembala 1978. Ena mwa inu munangomva kuti anali mneneri wonama amene anaphetsa anthu. Ena munamva kuti anali mtumiki wa Mulungu amene boma linamuzunza. Musafulumire kuweruza. Mpingo wawo unabadwa m'chitsitsimutso monga mipingo yathu yambiri ya masiku ano, ndipo njira imene unayenda ndi yofunika kuti muidziwe.

Amayi Lenshina anabadwa cha m'ma 1920 m'mudzi wa Kasomo, m'boma la Chinsali. Anali mayi wamba wa pamudzi, mkazi wa a Petros Chintankwa, ndipo ankapemphera ku mishoni ya Lubwa ya mpingo wa Church of Scotland. Mu Sepitembala 1953 anadwala kwambiri mpaka kukomoka. Atatsitsimuka anauza anthu kuti anamwalira, anakumana ndi Yesu, ndipo Iye anawabweza kudziko kuti adzagwire ntchito yake. Anapita kukafotokozera m'busa wa pa Lubwa, a Fergus Macpherson. Abusawa sanawathamangitse ayi, anawalimbikitsa kuchitira umboni. Mu Novembala chaka chomwecho anabatizidwa ndi m'busa Paul Mushindo. Dzina loti Lenshina linachokera ku Regina, kutanthauza mfumukazi.

Uthenga wawo unali wosavuta kumva: lapani, tayani nyanga ndi zithumwa, siyani ufiti, mowa, mitala ndi chokolo. Nanga n'chiyani chinakoka anthu chonchi? Amishoni ambiri ankati ufiti kulibe, koma munthu wa kumudzi ankagona ndi mantha usiku uliwonse. Amayi Lenshina anawatenga mantha amenewa ngati nkhani yeniyeni, nauza anthu kuti Yesu ndi wamphamvu kuposa mfiti. Nyimbo zawo zinali za Chibemba, zoimbika mosavuta, zolowa mumtima. Amayi apabanja anapeza mlaliki wodziwa kuwawa kwa mitala. Anthu anayenda pansi masiku ambiri kuchokera ku Isoka, Kasama, Lundazi, kumigodi ku Copperbelt, ngakhale ku Nyasaland ndi Tanganyika, ndipo zithumwa zimene ankasiya pa Kasomo zinaunjikana milumilu.

Pofika 1955 ubale ndi Lubwa unatha. Amayi Lenshina anali atayamba kubatiza okha, ndipo panalinso kusamvana pa ndalama za chopereka. Mpingo watsopano unatchedwa Lumpa, liwu la Chibemba lotanthauza kupambana ena onse. Matchalitchi a Lubwa ndi a Katolika a ku Ilondola anatsala ndi mabenchi opanda anthu. Olemba mbiri amati kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 a Lumpa anali pakati pa 50,000 ndi 150,000.

Manje apa mvetsetsani bwino. Katswiri wina wa ku Germany wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Max Weber, anaona kuti gulu latsopano la chipembedzo limayamba anthu akutsatira mphatso ya munthu mmodzi. Koma gulu likakula, mphatso payokha siyikwanira. Pamafunika maudindo, malamulo, osunga ndalama ndi nyumba zopemphereramo. Ndi zimene zinachitika ku Lumpa. Anaika madikoni ndi makwaya, mu 1957 analemba malamulo a mpingo, ndipo mu 1958 anatsegula tchalitchi chachikulu cha njerwa pa Kasomo, malo amene anawatcha Sione. Izi si tchimo ayi. Ngakhale atumwi, pa Machitidwe 6, anasankha amuna asanu ndi awiri oyang'anira chakudya cha amasiye mpingo utakula.

Zikafika apa njira zimakhala ziwiri. Mu 1929 katswiri wa ku America, H. Richard Niebuhr, analemba kuti timagulu topatuka ku mpingo waukulu nthawi zambiri timafatsa ikafika mbadwo wa ana, n'kusanduka mpingo wokhazikika wokhala bwino ndi anansi. A Methodist anayamba chonchi, ngati timagulu ta John Wesley mkati mwa mpingo wa Anglican. Koma gulu lina likamatsutsidwa limadzipatula, otsutsawo amakwiyirakwiyira, nalonso limadzitsekera kwambiri, mpaka aliyense wakunja amaoneka mdani. Lumpa inalowa njira yachiwiriyi, ndipo siinalowemo yokha, inakankhidwanso.

Mkangano woyamba unali ndi mafumu, chifukwa anthu ankasamukira ku Sione popanda chilolezo chawo, ndipo mu 1959 apolisi analimbana ndi a Lumpa kumeneko. Kenaka kunabwera ndale. A Kenneth Kaunda anabadwira pa Lubwa pomwepo mu 1924, ndipo mkulu wawo, a Robert Kaunda, anakhalapo mtsogoleri mu Lumpa. Choncho iyi inali nkhondo ya pachibale, anthu a m'midzi imodzi. Cha m'ma 1962 ndi 1963 chipani cha UNIP chinkafuna kuti munthu aliyense akhale ndi khadi lake. Amayi Lenshina anauza anthu awo kuti asiye ndale, ndipo makhadi ena anatenthedwa. Anyamata a chipani anayamba kutentha matchalitchi a Lumpa. Kumenyana ndi kuphana kunachitika mbali zonse ziwiri.

Pamenepo a Lumpa anachoka m'midzi yawo n'kumanga midzi yawoyawo yozunguliridwa ndi mipanda ya mitengo. Ana ambiri anasiya sukulu, ndipo chiphunzitso choti dziko latsala pang'ono kutha chinakula. Taganizirani, abale: mkati mwa mpanda mulibe malume wako wa mpingo wina, mulibe mfumu, mulibe aliyense wokuuza kuti apa mwalakwa. Mumangomva mawu a okhaokha amene ali ndi mantha ngati inu.

Mu Julayi 1964, kutatsala miyezi itatu kuti dziko lilandire ufulu pa 24 Okutobala, boma limene a Kaunda anali nduna yake yaikulu linalamula kuti midzi ija ipasulidwe. Pa 24 Julayi apolisi anaphedwa pamudzi wa Chapaula, ndipo asilikali anatumizidwa. Pa 30 Julayi anafika pa Sione, anthu a mikondo ndi nkhwangwa n'kukumana ndi mfuti. Pa 3 Ogasiti a Lumpa anaukira Lundazi n'kupha anthu ambiri, ndipo mpingowo unaletsedwa. Patangopita masiku ochepa, anthu obwezera anapha a Lumpa a pamudzi wa Paishuko, amayi ndi ana omwe. Amayi Lenshina anadzipereka ku boma pa 11 Ogasiti. Lipoti la boma linati anthu oposa 700 anafa, koma olemba mbiri ena amati anaposa 1,000. Zikwizikwi anathawira ku Congo.

Amayi Lenshina sanazengedwe mlandu m'khoti pa za nkhondoyi. Anasungidwa ku Mumbwa, ku Kalabo ndi ku Mkushi, ndipo mu 1975 anawabweretsa ku Chilenje, kumene anakhala pa ukaidi wa panyumba mpaka imfa yawo. Ndi Chilenje yemweyu kumene kuli nyumba nambala 394 imene a Kaunda ankakhalamo pomenyera ufulu. Thupi lawo linakaikidwa ku Kasomo, pamalo a tchalitchi chawo chija. Atangopita, funso lija la Weber linabwera: mphatso inali pa munthu mmodzi, manje alowe m'malo ndani? Otsatira awo anagawikana m'mipingo ingapo, monga New Jerusalem ndi Uluse Kamutola, ndipo ena akupempherabe mpaka lero.

Tsono inu mutengapo chiyani? Choyamba, musanyoze chiyambi cha mayiyu. Anthu enieni anataya zithumwa, mabanja enieni anasiya mowa. Koma chiyambi chabwino sichitsimikiza mathero abwino, n'chifukwa chake 1 Yohane 4:1 imatiuza kuyesa mizimu, ndipo kuyesako sikutha chifukwa choti mpingo wakula.

Chachiwiri, yang'anirani mpanda. Masiku ano sumangidwa ndi mitengo. Umayamba pamene mwaleka kupita kumaliro a m'bale chifukwa ndi wa mpingo wina, pamene aneba onse asanduka mfiti m'maso mwanu, pamene kufunsa za ndalama za chopereka kwasanduka kulimbana ndi wodzozedwa. Ukangomva kuti ndife tokha opulumuka mu Lusaka yense, dziwa kuti mtengo woyamba wazikidwa kale. Yeremiya 29:7 anauza anthu a Mulungu kufunira mtendere mzinda umene akhalamo, ngakhale unali Babulo.

Chachitatu, musaiwale mbali inayo. Amene ankatentha matchalitchi a Lumpa ambiri anali anthu opemphera nawonso. Nthawi ya masankho ikafika, musakakamize munthu chipani, ndipo musaseke kapena kuopseza kagulu kachilendo kamene kakupemphera m'kalasi ya sukulu kufupi ndi kwanu. Kuwazunza ndiko kumawathamangitsira mkati mwa mpanda.

Sabata ino werengani 1 Akorinto 3, pamene Paulo akudzudzula odzitcha a Paulo ndi a Apolo. Muimbireni foni m'bale mmodzi amene munasiya kulankhula naye chifukwa cha za mpingo. Pemphererani abusa ndi akulu a mpingo kuti akhale anthu olola kufunsidwa, komanso mabanja a ku Chinsali ndi Lundazi amene mpaka pano amakumbukira 1964.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Tionana Lamulungu.