Francisco de Lacerda, Munthu Wowerenga Nyenyezi

Inu amene mukhala kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, m'mapiri a Maravia, mudziwa bwino m'mene thambo lionekera mvula ikatha. Mitambo icoka, mphepo ya mwera iomba, ndipo usiku nyenyezi zituluka zosawerengeka monga mcenga wa kumtsinje. Makolo athu anaziyang'ana nazicha maina: Nthanda imene itsogolera mbandakuca, Nsangwe zounjikana pamodzi, ndi Mlalang'amba wodutsa thambo pakati. Pa nyengo yomweyi, m'caka ca 1798, m'dziko la Amaravi munapita mlendo wina wodwala, wonyamulidwa pa macila. Usana anali kubuula ndi malungo, koma usiku anali kudzuka, naimika galasi lace loonera kutali, nafunsa nyenyezi kuti zimuuze malo amene wafika. Dzina lace ndiye Francisco José de Lacerda e Almeida. Tiwerenge mbiri yace, pakuti muli zotiphunzitsa, zokoma ndi zowawa zomwe.

1. Kubadwa ndi maphunziro ace

Lacerda anabadwa m'caka ca 1753 mu mzinda wa São Paulo, ku Brasil, dziko limene masiku amenewo linali m'manja mwa Apwitikizi monga lathu lino. Atakula anaoloka nyanja kunka ku Portugal, nalowa sukulu yaikulu ya ku Coimbra. Anafika pa nthawi yabwino, cifukwa m'caka ca 1772 sukuluyo inakonzedwa mwatsopano, ndipo anatsegulamo gawo la masamu, m'mene anali kuphunzitsanso mayendedwe a dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Apa ndi pamene mnyamata wa ku São Paulo anapeza nchito ya moyo wace wonse. M'caka ca 1777 analandira ulemu wa udotolo wa masamu, asanakwanitse zaka 25.

2. Zaka khumi m'mitsinje ya Brasil

M'caka comweco mafumu a Portugal ndi Espanha anapangana ku San Ildefonso za malire a maiko ao a ku America. Koma kulemba malire pa pepala n'kwapafupi. Kuwapeza m'nkhalango ndiyo nchito. Panafunika anthu odziwa kuyesa dziko poyang'ana kumwamba. Motero Lacerda anasankhidwa pamodzi ndi mnzace wa ku sukulu, Antônio Pires da Silva Pontes, ndipo kuyambira 1780 kufikira 1790 anayenda pa bwato ndi pa mapazi m'mitsinje ya Negro, Madeira, Guaporé, Paraguai ndi Tietê. Pogona paliponse, thambo likayera, anali kuyesa nyenyezi ndi kulemba ziwerengero m'buku lace. Atabwerera ku Lisboa anakhala mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya anyamata a zombo za mfumu, nalandiridwa m'bungwe la anthu anzeru la mumzindamo. Munthu wina akadakhazikika pomwepo, nadya za thukuta lace mu mtendere. Iye ai.

3. Kodi nyenyezi ziuza bwanji munthu malo amene ali?

Tisanapitirire, timvetse nchito imeneyi, pakuti si ula kapena matsenga, koma masamu okha. Kuti malo alembedwe pa mapu pafunika ziwerengero ziwiri.

Coyamba cinena kutalika kwa malowo kucokera ku mzere wodula dziko pakati, ponka kumpoto kapena kumwera. Ici n'cosabvuta kwambiri. Munthu ayesa msinkhu wa dzuwa pamene lafika pa liombo, kapena wa nyenyezi yodziwika pamene yakwera kotheratu, nafanizira ndi ziwerengero za m'buku. Mwa njira imeneyi tidziwa kuti Tete ali pa madigiri 16 kumwera kwa mzerewo.

Caciwiri cinena kutalika kwa malowo ponka kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo ici ndico cinasautsa anthu anzeru zaka mazana ambiri. Dziko lizungulira madigiri 360 pa maora 24. Ndiye kuti madigiri 15 pa ora limodzi. Cifukwa cace dzuwa lifika pa liombo ku Tete kukali m'mawa ku Lisboa, ndipo kusiyana kwace ndi maora 2 ndi mphindi ngati 50. Munthu akadziwa ora la pamene iye ali, nadziwanso ora la ku Lisboa pa kamphindi komweko, wadziwa kutalika kwa ulendo wace. Koma ora la ku Lisboa alidziwa bwanji ali pakati pa thengo? Koloko yogwedezeka pa mutu wa wamtengatenga, pa dzuwa ndi pa mame, siicedwa kusokera.

Yankho linali kumwamba. M'caka ca 1610 Galileo Galilei wa ku Italia anaona ndi galasi lace kuti Jupiter, imene ioneka ngati nyenyezi yowala koma ndi dziko lalikulu lozungulira dzuwa, ili ndi miyezi inai ikuluikulu yoizungulira. Mwa inaiyo, mwezi wapafupi, dzina lace Io, utha ulendo wace pa maora 42 ndi theka, ndipo ulendo uliwonse ulowa mu mthunzi wa Jupiter nuzimirira. Kuzimirira kumeneku kuoneka pa nthawi imodzimodzi kwa onse amene akuyang'ana, ngakhale atalikirane motani. Tsono akatswiri a ku Ulaya anawerengeratu maora ace nawasindikiza m'mabuku. Woyenda m'thengo anali kudikira ndi galasi kufikira kamweziko katazimirira, nalemba ora la pamalopo, nalifanizira ndi la m'buku. Jupiter ndiyo inali koloko yace yosasokera.

4. Bwanamkubwa wa ku Tete

M'caka ca 1795 Angerezi analanda doko la Cabo, kumwera kwenikweni kwa Africa. Nduna ya ku Lisboa, Dom Rodrigo de Sousa Coutinho, inafuna kuti papezeke msanga njira ya pamtunda yolumikiza Mozambique ndi Angola, ndipo inaona kuti woyenera nchitoyo ndi munthu wodziwa kulemba njira pa mapu. Motero m'caka ca 1797 Lacerda anaikidwa bwanamkubwa wa Rios de Sena, ndilo dziko la Quelimane, Sena ndi Tete. Anakwera Zambezi pa bwato, akuyesa nyenyezi m'njira monga mwa cizolowezi cace, nafika ku Tete mu Janeiro 1798.

Kumeneko mabvuto anam'landira. Malungo anam'gwira, ndipo mkazi wace, amene anadza naye, anamwalira patangopita miyezi yowerengeka. Eni maprazo ambiri sanakondwe naye, ndipo iyenso m'buku lace anawadzudzula cifukwa ca nkhanza ndi umbuli wao. Komabe panali cinthu cimodzi com'limbitsa mtima. M'caka ca 1796 Manuel Caetano Pereira, mwana wa Gonçalo Caetano Pereira amene anali kukhala pakati pa Amaravi, anatsagana ndi amalonda a Cibisa nakafika kwa Mwata Kazembe, mfumu yaikulu ya Alunda pafupi ndi nyanja ya Mweru. Ndipo amithenga a mfumuyo anafika ku Tete kudzapempha malonda. Lacerda anaganiza kuti kucokera kwa Kazembe njira ya ku Angola idzatseguka. Sanadikire kuti thupi licire.

5. Ulendo wa kumpoto

Pa 3 Julho 1798 ulendo unanyamuka. Panali asilikari, Apwitikizi owerengeka, wansembe mmodzi, Bambo Francisco João Pinto, ndi amtengatenga mazana angapo. Tisabise coona: ambiri a amtengatengawo anali akapolo otengedwa m'maprazo, ndipo ambiri anali akazi, operekedwa ndi Dona Francisca Josefa de Moura Meneses, amene anthu anam'cha Ciponda. Palibe anawafunsa ngati afuna kunka ku dziko losadziwika. Cifukwa cace usiku ndi usiku ena anali kutula katundu nathawa, ndipo bwanamkubwa anali kupsa mtima, osazindikira kuti munthu wosiya ana kumudzi alibe kanthu ndi mapu a mfumu ya ku Lisboa.

Anapyola dziko la Amaravi, kumene mfumu yaikulu inali Undi. Ndiwo Amaravi omwewo amene dzina la boma lathu la Maravia licokera kwa iwo. Pa mudzi uliwonse wa mfumu panafunika kupereka nsaru ndi mikanda kuti njira itseguke. Mu Agosto anaoloka Luangwa, nakwera mapiri a Muchinga, ndipo mu Setembro anaoloka mtsinje wa Chambeshi. Njala inawapeza, madzi anasowa, ndipo malungo a mtsogoleri anakula tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pamene tiona mtima wa munthuyu. Miyezi imeneyo Jupiter inali kutuluka usiku utapita, ndipo mudziwa nokha kuti pa nyengo yotentha thengo utsi uphimba thambo masiku ambiri. Wodwala wina akadafunda nsaru nagona. Iye anali kudikira m'cisanu, diso pa galasi, kufikira kamwezi ka Jupiter katalowa mu mthunzi; pamenepo anali kulemba ora, nawerenga masamu ace ndi dzanja lonjenjemera. Ciyeso cace cotsiriza anacicita pa madigiri 10 kumwera, asanafike kwa Kazembe. Patapita masiku owerengeka buku lace linakhala cete.

6. Imfa yace

Anamwalira pa 18 Outubro 1798, pafupi ndi mudzi waukulu wa Kazembe wacitatu, Lukwesa Ilunga, ali ndi zaka 45, asanakambe ndi mfumuyo nkhani imene anadzera. Anasiya lamulo lakuti Bambo Pinto atsogolere anthu. Wansembeyo anasenza katundu woposa mphamvu zace: Apwitikizi anakangana okhaokha, ena anakana kumvera, ndipo Kazembe, amene sanafune kuti malonda a minyanga ndi mkuwa am'pitirire, sanalole kuti apyole kunka kumadzulo. Atakhala miyezi yambiri anabwerera, ndipo Bambo Pinto anafika ku Tete mu Novembro 1799. Mapepala a Lacerda anapulumuka.

7. Zimene zinatsata

Njira imene dotolo wa ku Coimbra analephera kuitsiriza anaitsiriza anthu akuda awiri, Pedro João Baptista ndi Amaro José, amalonda ocokera ku Angola, amene anadzera kwa Kazembe nafika ku Tete m'caka ca 1811. M'caka ca 1831 Monteiro ndi Gamitto, pocokeranso ku Tete, anapeza Alunda akusungabe malo a manda a mlendo uja. David Livingstone anafika kwa Kazembe mu 1867, ndipo mu 1873 Richard Burton anasindikiza buku la Lacerda m'Cingerezi ku London. Ziwerengero zace zinali pakati pa zoyamba zimene zinaika mkati mwa Africa pa mapu mwa kuyesa nyenyezi, osati mwa mphekesera.

Lacerda anacenjezanso akulu ace kuti Angerezi a ku Cabo adzakwera kumpoto nadzalowa pakati pa Angola ndi Mozambique. Zinacitikadi. M'caka ca 1890 Angerezi anaumiriza Apwitikizi kusiya maganizo olumikiza maiko awiriwo, ndipo pangano la 1891 linadula malire amene lero alekanitsa Maravia ndi Zambia, kusiya abale a mtundu umodzi, ana a Undi, ena tsidya lino ena tsidya ilo. Nzeru yoyesa dziko ndi nyenyezi ndi yabwino, koma mapu amene inabala anagwira nchito m'manja mwa ogawana dziko la eni ace osawafunsa.

Ndipo miyezi ya Jupiter ija? Lacerda anaiona ngati timadontho ta kuwala. M'caka ca 1969 anthu anaponda pa mwezi wathu. Mu 1979 combo copanda munthu, Voyager 1, cinapita pafupi ndi Io nicijambula mapiri ace olavula moto. Combo cina, cochedwa dzina la Galileo, cinazungulira Jupiter kuyambira 1995 kufikira 2003. Lero foni ya m'manja iuza munthu malo amene ali pa kamphindi, pomvera makina ozungulira dziko kumwamba. Koma maziko ace ndi omwe aja: kudziwa malo ndiko kudziwa ora molondola.

Tsono poweruza munthuyu tisapendekere mbali imodzi. Tim'tame cifukwa ca khama lace, pakuti anakonda coona ca masamu kotero kuti ngakhale pakhomo pa imfa sanalembe ciwerengero congoganizira. Koma tikumbukirenso amai aja osalembedwa maina, amene anasenza galasi ndi mabuku ace pa mitu yao. Iye anaona bwino zinthu zakutali zedi, koma misozi ya anthu oyenda pambali pa macila ace sanaione. Inu amene muphunzira, mukatuluka usiku kuyang'ana Mlalang'amba, funitsitsani kudziwa monga iye anafunitsitsa. Koma maso amene mwakweza kumwamba muwatsitsenso, muone mnzanu amene wakusenzerani katundu.

Mafunso

1. Lacerda anabadwira kuti, ndipo anaphunzira ciani ku Coimbra?
2. Dziko lizungulira madigiri angati pa ora limodzi?
3. Miyezi ya Jupiter inam'thandiza bwanji kudziwa malo amene anali?
4. Cifukwa ninji amtengatenga anali kuthawa?
5. Ndani anatsiriza njira ya pakati pa Angola ndi Tete, ndipo m'caka canji?
6. Chulani cinthu cimodzi coyenera kutsanzira m'moyo wa Lacerda, ndi cimodzi coyenera kupewa.